Mfiti yomwe inasanduka woyera mtima: ulendo wa Milarepa ndi ofunafuna a masiku ano

Linali tsiku la ukwati ndipo nyumba inadzaza. Anthu ankadya ndi kumwa m'chipinda cham'mwamba, pansi pake atamangirirapo akavalo a alendo monga zinkakhalira m'nyumba za ku Tibet. Nkhaniyo imati wantchito wina wamkazi atatuluka kukatunga madzi anaona khola la akavalo litadzaza njoka, achule ndi zokwawa zina, ndipo chinkhanira chachikulu zedi chinali chitakola mzati wa nyumbayo n'kumaugwedeza. Akavalo anabalalika, n'kuyamba kumenya mizati ndi ziboda. Nyumba inagwa, anthu 35 n'kufera pomwepo. Awiri omwe ankafunidwa kwenikweni anasiyidwa dala amoyo, kuti aone ndi maso awo zomwe zagwera mbumba yawo.

Wochita zimenezi anali kutali, atabindikira akulodza. Anali mnyamata wamasiye dzina lake Thöpaga. Lero amadziwika kuti Milarepa, ndipo ku Tibet, Nepal, Bhutan ndi kumpoto kwa India chithunzi chake chili m'akachisi ndi m'nyumba za anthu: munthu wowonda, wa khungu lobiriwira, atakhala pakhomo la phanga, dzanja lamanja lili kukhutu akuimba. Anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 900 zapitazo, ndipo ndi mmodzi mwa oyera mtima omwe Abuda a ku Tibet amawakonda koposa.

Dzina lake likutchulidwanso kwambiri masiku ano m'malo omwe iye sakanawazindikira. Ku California, ku Bali, ku Rishikesh, ngakhale ku Cape Town, kuli misonkhano ya masiku ochepa komwe anthu amalipira ndalama kuti akadzipeze. M'mawa amachita yoga. Masana amagona chagada atatsinzina, wina akuwaombera ng'oma kuti mzimu wawo uyende. Madzulo amakhala bwalo n'kumafotokoza moyo wawo ngati nthano ya ngwazi yomwe inachoka kwawo kukalimbana ndi zilombo. Ena amaitcha yoga ya chishamani. Ludzu lomwe limawafikitsa kumeneko ndi lenileni ndipo sindilipeputsa, pakuti munthu akhoza kukhala ndi ntchito, galimoto ndi banja koma mumtima muli mbee. Chomwe chimandivuta n'chakuti nthano zomwe amabwerekazo amazidula mutu ndi mchira, n'kutsala ndi pakati ponona pokha.

Maganizo amenewa ali ndi komwe anachokera. Mu 1949 Joseph Campbell, mphunzitsi wa ku America, anatulutsa buku lotchedwa The Hero with a Thousand Faces, momwe ananena kuti nthano za mitundu yambiri zimayenda njira imodzi: ngwazi imaitanidwa n'kuchoka kwawo, imadutsa m'mayeso, kenako imabwerera ndi mphatso ya anthu ake. George Lucas anavomereza yekha kuti bukuli linamuthandiza poumba kanema wa Star Wars. Mircea Eliade wa ku Romania analemba za mashamani, asing'anga a ku Siberia ndi madera ena omwe amati mzimu wawo umayenda ng'oma ikamalira, mu 1951, ndipo mu 1954 analembanso za yoga, n'kuonetsa pomwe ziwirizi zimakumana. Mu 1980 Michael Harner, m'buku la The Way of the Shaman, anasandutsa zonsezi kukhala njira yoti aliyense angaiphunzire pa Loweruka ndi Lamlungu, popanda mudzi, mizimu ya makolo kapena zaka za kuvutika pansi pa sing'anga wamkulu. Moyo wa Milarepa uli ndi zonse zomwe anthu atatuwa ankazifuna, ulendo, mizimu ndi yoga yomwe. N'chifukwa chake ndi pabwino poyesera ngati zomwe zikugulitsidwa lero zikufanana ndi gwero lake.

Mphamvu inabwera poyamba

Anabadwira ku Gungthang, kum'mwera chakumadzulo kwa Tibet pafupi ndi malire a Nepal, m'banja lopata. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 7, atasiya chuma m'manja mwa m'bale wawo ndi azakhali a anawo kuti asunge mpaka mwana atakula. Maliro atangotha, osunga chumawo anasanduka eni ake. Mayi wa Milarepa, Nyangtsa Kargyen, pamodzi ndi ana ake awiri anakhala antchito pakhomo pawo pomwe, akudya zotsala ndi kuvala nsanza. Mmalawi aliyense yemwe anaonapo namfedwa akulandidwa mpaka mbale ndi zofunda sakufunika kumufotokozera ululu umenewu. Mpake kuti lamulo lathu la chuma cha masiye la 2011 linachita kuutcha mchitidwewu kuti ndi mlandu.

Mnyamatayo atafika zaka 15, mayi ake anafulula mowa, n'kuitana mudzi wonse, n'kupempha pamaso pa anthu kuti chuma chibwezedwe. Anawakanira mwachipongwe, mpaka kuwauza kuti ngati alibe anthu owamenyera nkhondo ayese ufiti. Mayiwo anatengadi mawuwo. Anagulitsa gawo la munda wawo, n'kutumiza mwana kukaphunzira matsenga, atamulumbirira kuti akabwerako chimanjamanja iwo adzadzipha iye akuona. Atagwetsa nyumba ija n'kusiya osunga chuma awiri aja amoyo, mayi ake anamutumanso kuti agwetse matalala pa minda ya balere ya mudzi wonse itatsala pang'ono kukololedwa, ndipo anatero.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imasiyana ndi zomwe zimalalikidwa m'misonkhano ija. Mphamvu yolamula mizimu ndi nyengo, yomwe ambiri amaiyesa mathero a ulendo, Milarepa anaipeza koyambirira, mosavuta, ali mnyamata. Sinamuchiritse kanthu. Inamusiya wosagona tulo, wosamva kukoma kwa chakudya, akuopa zomwe zikumudikira akadzafa. Sanachoke kwawo chifukwa chofuna kudziwa kuti iye ndani. Ankadziwa kale kuti ndi wakupha anthu, ndipo chimenecho ndicho chinamuyendetsa.

Mphunzitsi woyamba wa Chibuda yemwe anamupeza anamuuza kuti chiphunzitso chake n'chachangu, munthu akachichita masana amamasuka masana omwewo. Milarepa, pokumbukira momwe ufiti unamuphwekera, anangogona osachita kanthu. Mphunzitsiyo anavomera kuti wamulephera, ndipo anamulozera ku Lhodrak, kwa Marpa.

Nsanja zomanga ndi kugumula

Marpa sanali mmonke. Anali mlimi wokwatira, wokonda mowa, wa mtima wapachala, koma pa moyo wake anayenda maulendo atatu kuwoloka mapiri a Himalaya kupita ku India, komwe anaphunzira kwa Naropa n'kubwera ndi mabuku omwe anawamasulira m'Chitibeti. Tsiku lomwe anakumana, Marpa anali kumunda akulima. Anamupatsa mlendoyo mowa ndi khasu la ng'ombe kuti amalize ndimeyo.

Chiphunzitso sanamupatse. Anamuuza kuti amange nsanja yozungulira pa phiri la kum'mawa, yekha, miyala akusenza kumsana. Itafika pakati, Marpa anati wasintha maganizo, aigumule ndipo mwala uliwonse aubwezere pomwe anautenga. Anamangitsanso yooneka ngati mwezi wongokhala kumene, n'kuigumulitsa ponena kuti polamula anali ataledzera. Yachitatu, ya ngodya zitatu, anakana kuti sanalamulepo. Yachinayi inali ya ngodya zinayi, yosanjikizana kasanu ndi kanayi, yomangira mwana wake Darma Dodé. Msana wa Milarepa unatuluka zilonda zotuluka mafinya. Nthawi iliyonse akakhala pansi pamodzi ndi ophunzira ena kuti alandire chiphunzitso, Marpa ankamukoka tsitsi n'kumutulutsa kunja.

Yemwe anamusunga ndi moyo pa zaka zimenezo ndi Dagmema, mkazi wa Marpa. Ankamupatsa chakudya, kumutsuka zilonda ndi kumuchonderera kwa mwamuna wake. Mapeto ake analemba kalata yabodza m'dzina la Marpa yopita kwa Ngok, wophunzira wamkulu wa Marpayo, kuti amuphunzitse mnyamatayo. Ngok anamuphunzitsadi, koma kusinkhasinkha kwake sikunabale chilichonse. Bodzalo litaululika, Milarepa anafika poganiza zodzipha, ndipo ndi pomwe Marpa anamuitana n'kumulandira ngati mwana wake, akufotokoza kuti mavuto onsewo anali ochapa magazi omwe anali m'manja mwake. Nsanja yotchedwa Sekhar Guthok ilipobe ku Lhodrak, ndipo anthu amapita kukaizungulira.

Gawo limeneli ndimaliwerenga ndi mitima iwiri. Muli choonadi chomwe sindingachikane: munthu yemwe anagwetsa nyumba pa anthu anayenera kudziwa kulemera kwa mwala uliwonse, ndipo kulapa kwake kunadutsa m'thupi, osati pakamwa pokha. Koma nkhani yomweyi yakhala chishango cha aphunzitsi ankhanza ndi owaikira kumbuyo, omwe amauza wozunzidwa kuti kumenyedwako ndi dalitso. Mu 2017 ophunzira asanu ndi atatu a Sogyal Rinpoche, mphunzitsi wotchuka kwambiri ku Ulaya ndi ku America, analemba kalata yomuneneza za kumenya anthu ndi nkhanza za kugonana. Iye anatula pansi udindo, ndipo kafukufuku wa maloya wa 2018 anatsimikiza zambiri mwa zomwe zinanenedwazo. Dalai Lama wakhala akunena kuyambira kale kuti wophunzira ayambe wamuyesa mphunzitsi kwa nthawi yaitali asanadzipereke, ndipo kuti wochita zoipa aululidwe poyera. Yemwe akufuna kukhala Marpa wa munthu wina ayambe waonetsa kuti kunyumba kwake kuli Dagmema, ndiponso kuti iye mwini sapindulapo kanthu.

Moto wa m'mimba

Atakhala zaka zingapo akusinkhasinkha pafupi ndi mphunzitsi wake, Milarepa analota kwawo kuli bwinja. Anapita, ndipo anapeza momwemo. Nyumba inali itagumuka, anthu akuopa kuiyandikira, ndipo mkati, pa mulu wa dothi ndi nsanza pomwe panamera udzu, anapeza mafupa a mayi ake. Mlongo wake Peta anali atasanduka wopemphapempha. Anakhala pamenepo masiku 7, n'kunyamuka kulowera kumapiri.

M'phanga la Drakar Taso ufa utamuthera, anayamba kudya masamba oyabwa a kuthengo owiritsa, opanda mchere, kwa zaka, mpaka khungu lake linabiriwira. Alenje omwe anamupeza anathawa poyesa kuti aona mzukwa. Chovala chake chinali kansalu kamodzi ka thonje, m'dziko lomwe madzi amaundana. Chomwe chinkamutenthetsa ndi tummo, imodzi mwa njira zisanu ndi imodzi za yoga zomwe Marpa anatenga kwa Naropa. Yoga imeneyi si yopinda miyendo ndi msana ngati ya m'makalasi a m'tauni. Munthu amakhala tsonga, amakoka mpweya n'kuusunga m'munsi mwa mchombo atamanga minofu ya m'mimba, kwinaku akuona m'maganizo kamoto kakang'ono kakuyaka pamenepo n'kumakwera pakati pa thupi kufika kumutu. Cholinga chake si kuthana ndi chisanu. Kutenthako ndi chizindikiro chabe chakuti mpweya ndi maganizo zasonkhana pamodzi.

Asayansi anafuna kudziwa ngati n'zoona. Mu 1981 dokotala Herbert Benson wa ku Harvard anayeza amonke atatu ku Dharamsala, m'dziko la India, ndipo zotsatira zake, zomwe zinatuluka m'magazini ya Nature mu 1982, zinaonetsa kuti kutentha kwa zala za m'manja ndi za kumapazi kunkakwera mpaka ndi madigiri 8.3. Mu 2013 Maria Kozhevnikov ndi anzake, atayeza akatswiri a tummo kum'mawa kwa Tibet, anapeza kuti kutentha kwa mkati mwa thupi nakonso kunkakwera mpaka kufika madigiri 38.3, ngati munthu yemwe wayamba malungo. Anaonanso kuti kapumidweko kokha kamatenthetsa thupi, koma kuona moto m'maganizo ndiko kumathandiza kuti kutenthako kukhalitse.

Pali kachinthu kena m'nkhani ya phangali komwe kamadumphidwa kawirikawiri. Marpa anamupatsa Milarepa kalata yomata, yoti adzaitsegule zinthu zikadzafika povuta. Tsiku limenelo litakwana, thupi litafooka ndipo maganizo atasokonezeka, anaitsegula. Mwa malangizo ena, inamuuza kuti adye chakudya chabwino. Mphunzitsi wouma mtima uja ankadziwa kuti kudzizunza pakokha sikumasula munthu, ndipo chakudya chomwe chinamutsegulira njira chinachokera kwa Peta, mlongo wake wopemphapempha uja.

Kudyetsa ziwanda

Geoffrey Samuel, m'buku lake la 1993 la Civilized Shamans, ananena kuti Chibuda cha ku Tibet chili ndi mbali ziwiri: ya amonke a mabuku ndi malamulo, ndi ya anthu ngati Milarepa omwe amakumana ndi mizimu maso ndi maso. Nyimbo zake zili ndi nkhani zambiri zotere. Ina imati tsiku lina pobwera kotola nkhuni anapeza ziwanda zisanu zitakhala m'phanga lake. Anayesa kuzinyengerera, zinakana kuchoka. Anayesa mawu amphamvu ozithamangitsira, osaphula kanthu. Zinazimiririka pokhapo atakumbukira zomwe Marpa anamuphunzitsa, zakuti zonse zooneka zimabadwa m'maganizo a munthu mwini, n'kusiya mantha n'kuzilunjika. Palinso nthano ya mpikisano wake ndi Naro Bönchung, wansembe wa chipembedzo cha Bön, wolimbirana phiri la Kailash. Wansembeyo anauluka atakwera ng'oma yake, koma Milarepa anafika pamwamba ndi kuwala koyamba kwa dzuwa. Mpaka lero phirili, lotalika mamita 6,638, silikweredwa. Abuda ndi Ahindu amalizungulira mbali imodzi, a Bön mbali inayo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 52.

Amene anafika patali pa nkhani ya ziwanda ndi mayi wina wa nthawi yomweyo, Machig Labdrön, yemwe anakhazikitsa mwambo wa Chöd. Wochita mwambowu amapita yekha usiku kumanda kapena malo ena oopsa, ali ndi kang'oma ka m'manja, belu ndi lipenga la fupa la ntchafu ya munthu. Amaitana mizimu yonse, yabwino ndi yoipa yomwe, ndipo m'maganizo mwake amaduladula thupi lake n'kuliphika kukhala phwando loti idye mpaka ikhute. Eliade anaona kuti izi zikufanana ndi zomwe mashamani a ku Siberia amafotokoza, kuti poitanidwa amadwala n'kulota mizimu ikuwakhadzula ndi kuwalumikizanso. Nafenso tikudziwa za asing'anga a vimbuza kumpoto omwe ntchito yawo imayamba ndi matenda, ndipo ng'oma ndiyo imawayanjanitsa ndi mzimu womwe ukuwasautsa. Kusiyana kwake n'kwakuti Machig ankaphunzitsa kuti chiwanda chachikulu koposa ndi kudzikakamira kwa munthu, kaumwini kaja konena kuti ine, changa, thupi langa. Choncho pomwe misonkhano ya masiku ano imalonjeza munthu kuti akadzipeza, gwero lomwe amatungako limamuuza kuti chomwe akuchifunacho ndicho ayenera kuchipereka kuti chidyedwe.

Walira mvula walira matope. Mu 2017 Jared Lindahl, Willoughby Britton ndi anzawo a ku Brown University anafalitsa kafukufuku wa anthu 60 a m'maiko a azungu omwe ankasinkhasinkha motsatira njira za Chibuda n'kukumana ndi zovuta. Anafotokoza za mantha aakulu, kusowa tulo, kuona zinthu zomwe palibe, kubwerera kwa zowawa zakale ndi kudzimva ngati thupi si lawo, ndipo ambiri zinawasokonezera moyo wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka. Anthu a ku Tibet zimenezi ankazidziwa kale, mpaka asing'anga awo ali ndi dzina la matenda obwera munthu akakakamiza mpweya ndi maganizo mopitirira muyeso. N'chifukwa chake tummo ndi Chöd siziperekedwa kwa munthu wongofika kumene. Amayamba wagwada n'kudzigwetsa pansi maulendo 100,000, pamodzi ndi zokonzekera zina zochuluka chimodzimodzi, ali pafupi ndi munthu yemwe anadutsamo. Kumutsegulira munthu zitseko zimenezi Lachisanu n'kumukweza ndege Lolemba, wopanda womuyang'anira, ndi kusewera ndi moyo wake.

Zomwe anabwerera nazo

Mbiri ya Milarepa yomwe imawerengedwa kwambiri inalembedwa mu 1488 ndi Tsangnyön Heruka, patapita zaka zoposa 350 mwini wake atamwalira, ndipo inafika m'Chingerezi mu 1928 kudzera mwa W. Y. Evans-Wentz. Andrew Quintman, yemwe anafufuza mbiri zakale zomwe Tsangnyön anatolamo, anaonetsa kuti nkhaniyi inakula ndi kusintha m'manja mwa olemba ambiri. Ena mwa iwo ankamuona Milarepa ngati Buddha yemwe anangovala thupi la munthu. Tsangnyön anakana zimenezo. M'buku lake, ophunzira atamufunsa Milarepa kuti ndi Buddha uti yemwe anabadwanso mwa iye, iye anawayankha kuti maganizo oterowo, ngakhale akuoneka aulemu, akunyoza chiphunzitso, chifukwa akukana kuti munthu wamba wochimwa angasinthe. Ine ndikuona kuti apa ndi pomwe pagona mphamvu ya nkhani yonseyi.

Potsanzikana ndi Gampopa, sing'anga wa mankhwala yemwe anadzakhala wophunzira wake wamkulu, Milarepa anati ali ndi chiphunzitso chimodzi chomaliza, chamtengo wapatali kuposa zonse. Anamulola kuti ayambe ulendo, kenako anamuitananso, n'kukweza nsalu yake kumuonetsa matako ake, omwe khungu lake linali litauma gwa chifukwa chokhala pa mwala zaka zonsezo. Gampopa anapita kukamanga nyumba ya amonke ya Daklha Gampo, ndipo kuchokera mwa ophunzira ake munatuluka nthambi za gulu la Kagyu zomwe zilipo mpaka lero. M'gululi, wofuna kuphunzira yoga za Naropa mokwanira amatsekeredwa zaka zitatu ndi miyezi itatu.

Mzere umenewu unafika ndi kuno kum'mwera kwa Africa. Rob Nairn wa ku Zimbabwe, yemwe anali majisitireti kwawo kenako pulofesa ku University of Cape Town, anasiya ntchito, ndipo pambuyo pake anakabindikira zaka zinayi ku Samye Ling, ku Scotland. Atatuluka anathera moyo wake akuphunzitsa anthu wamba kusinkhasinkha, ndipo malo a Kagyu alipo ku Harare, Johannesburg ndi Cape Town.

Wina wa mzere womwewu ndi Diane Perry, mtsikana wa ku London yemwe anapita ku India mu 1964 ali ndi zaka 20 n'kukhala sisitere wa Chibuda dzina lake Tenzin Palmo. Kuyambira 1976 mpaka 1988 anakhala yekha m'phanga la ku Lahaul, pamtunda wa mamita pafupifupi 4,000. Ankalima mbatatesi pakhomo, ankagona chokhala m'kabokosi kosinkhasinkhiramo, ndipo nthawi ina chipale chofewa chinakwirira phangalo mpaka anachita kudzikumba yekha kuti atuluke. Yemwe anathetsa kubindikira kwake ndi wapolisi yemwe anakwera phirilo ndi chikalata chonena kuti chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chili ndi vuto.

Asanapite kuphangako anali atakhala zaka ali mkazi yekha pakati pa amonke ambirimbiri, akumanidwa ziphunzitso zomwe amuna ankapatsidwa, ndipo sanaiwale. Anayendayenda m'maiko ambiri akupempha thandizo, ndipo mu 2000 anatsegula nyumba ya masisitere ya Dongyu Gatsal Ling ku Himachal Pradesh. Atsikana ochokera ku Tibet, Ladakh, Spiti, Kinnaur, Nepal ndi Bhutan amaphunzira kumeneko nzeru za Chibuda kwa zaka zambiri, maphunziro omwe kale anali a amuna okha. Ena mwa iwo alowa kale m'chibindikiro cha nthawi yaitali, kuti adzutsenso mzere wa akazi ochita yoga za Milarepa womwe unatsala pang'ono kutheratu dziko la China litalanda Tibet.